Amene Waona M'kati mwa Nkhuyu

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Akuluakulu ponena mwambi umenewu sankaimba mlandu nkhuyu. Nkhuyu ilibe pakamwa. Imangofiira nthawi yake ikakwana, kaya m'kati n'motsekemera kaya mwadzaza tizilombo. Amene ankachenjezedwa ndi wakudyayo, ndipo chenjezolo n'losavuta kulitsata: usanaponye m'kamwa, uing'ambe pakati uone. Mwana aliyense amene adakulira pafupi ndi mkuyu amadziwa kutero ndi zala ziwiri.

Koma masiku ano kuli zinthu zina zosang'ambika usanalipire. Fayilo ya kanema imene ili pa tsamba logawanirana mafayilo pa intaneti ndi chimodzi mwa izo. Sungaone m'kati mwake kufikira itafika m'foni kapena pa kompyuta yako, ndipo ikamafika imakhala itadya kale bandulo, batire ndi maola. Chimene uli nacho usanayambe kutsitsa ndi mzere umodzi wa zilembo, dzina la fayiloyo. Apa mpamene fayilo isiyana ndi nkhuyu, pakuti khungu lake silimera lokha. Alipo munthu amene adakhala pansi n'kulilemba, ndipo munthuyo adali ataona kale m'kati. Ngati muli nyerere, iye akudziwa.

Titenge filimu imene aliyense ali ndi ufulu woigawa, kuti tisayambire pa mkangano wa malamulo. Mu 1968 George Romero adatulutsa Night of the Living Dead, filimu yoopsa ya mitembo yoyenda, yojambulidwa kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku America. Poyamba mutu wake udali Night of the Flesh Eaters. Kampani imene inkaitumiza m'nyumba zoonetsera mafilimu idasintha mutuwo, ndipo posinthapo idasiya kamzere kotchula mwini wake. Malinga ndi lamulo la ku America la nthawi imeneyo, filimu yotuluka popanda kamzere kameneko inkasanduka ya aliyense. Romero ndi anzake adangoona ena akulemera ndi thukuta lawo. Kuyambira pamenepo filimuyi yakhala ikukoperedwa ndi aliyense wofuna, pa matepi a VHS, pa zimbale, mpaka pa Internet Archive pamene lero mungaitsitse popanda wokuletsani. Zotsatira zake n'zakuti pali mafilimu ambirimbiri odziwika ndi dzina limodzi. Ilipo yopanda utoto monga idatulukira. Alipo makope amene ena adawapaka utoto ndi kompyuta. Ilipo ya mu 1999 imene adaiwonjezera zigawo zatsopano, ndi ina yosiyaniratu ya mu 1990, ya mutu womwewo, yotsogoleredwa ndi Tom Savini. Alipo makope otopa ochokera pa tepi imene nayonso idachokera pa tepi ina. Ndipo ilipo imene Museum of Modern Art ya ku New York idaikonza mosamala kuchokera pa filimu yoyambirira ya m'kamera, imene kampani ya Criterion idatulutsa pa Blu-ray mu 2018. Munthu akakulemberani mutu wokha pa fayilo, sadakuuzeni chilichonse.

N'chifukwa chake anthu ogawana mafilimu adazolowera kulemba mayina ataliatali odulidwa ndi timadontho, onga ili: Night.of.the.Living.Dead.1968.1080p.BluRay.x264-GULU. Kwa wosadziwa ndi zilembo zosokonekera chabe, koma wodziwa amawerengapo malonjezo ondondozana. Mutu ndi uwu. Chaka ndi ichi, choncho si ya Savini. Chithunzi chili ndi mizere 1080 kuchokera pamwamba kufika pansi. Gwero lake ndi chimbale cha Blu-ray. Adaifinya ndi x264, choncho ngakhale TV yakale ndithu ikhoza kuitsegula, pamene ya x265 mwina ingaikane. Ndipo kumapeto, kuseri kwa kamzere, kuli dzina la gulu kapena munthu amene akuti ntchitoyi ndi yanga, ikaipa mudzudzule ine. Kawirikawiri pambali pake pamakhalanso kafayilo ka mawu okhaokha, ka .nfo, kofotokoza mwatsatanetsatane momwe ntchitoyo idayendera.

Pa malonjezo onsewa lolemera kwambiri ndi la gwero, chifukwa ndi lokhalo limene wotsitsa sangalitsimikize mosavuta ngakhale fayilo itafika. Pulogalamu ngati MediaInfo idzakuuzani kukula kwa chithunzi, mtundu wa mawu ndi kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse, koma siidzakuuzani kumene chithunzicho chidachokera. Zimenezo adziwa ndi amene adachigwira m'manja.

Pansi penipeni pali CAM. Wina adalowa m'nyumba yoonetsera mafilimu ndi kamera yobisa n'kujambula chinsalu. Chithunzi chimapendekeka, mutu wa munthu wopita kokataya madzi umadutsa kutsogolo, ndipo kutsokomola kwa oonera kumamveka kuposa mawu a ochita sewero. Pamwamba pake pang'ono pali TS: chithunzi ndi cha kamera ndithu, koma mawu adatengedwa pa waya, mwachitsanzo pa kabowo kolumikizira zomvera za anthu a vuto la kumva, choncho amamveka bwino. SCR ndi makope amene makampani ankatumizira olemba nkhani ndi oponya mavoti pa mphoto ngati za Oscar filimu isanafike pa msika. Chithunzi chake n'chabwino, koma nthawi ndi nthawi pamadutsa mawu ochenjeza, mwinanso utoto umachoka kwa kanthawi. Kenako kumabwera DVDRip, kumabwera HDTV yojambulidwa pa wailesi ya kanema ndi kachizindikiro ka siteshoni pakona, mpaka kukafika pa REMUX, imene ndi chithunzi ndi mawu a pa Blu-ray zongosamutsidwira m'fayilo ina osafinyidwa ngakhale pang'ono.

Chizindikiro chimodzi chakale chimatikhudza ife mwa njira yake. Opanga ma DVD adagawa dziko lapansi m'zigawo 6, kuti chimbale chogulidwa ku chigawo china chisatseguke m'makina a kwina. Malawi, Zambia ndi Mozambique adaikidwa m'chigawo 5 pamodzi ndi Russia ndi India, pamene South Africa idali m'chigawo 2 ndi mayiko a ku Ulaya. M'zaka za m'ma 2000 makampani a ku Hollywood adayamba kutulutsa zimbale mwachangu ku Russia, zosakonzedwa mokwanira, pofuna kupikisana ndi ogulitsa zokopera a m'misewu. Zimbale zimenezo zikafika pa intaneti zinkalembedwa R5. Poti zambiri zinkakhala ndi mawu a Chirasha okha, ogawa ankalumikizapo mawu a Chingerezi otengedwa m'nyumba yoonetsera mafilimu, ndipo akatero ankawonjezera LiNE pa dzinalo. Taonani kusamala kwake. Zilembo zinayi zimenezo zikuuza mlendo amene sadzakumana naye kuti chithunzi ndi mawu zachokera kosiyana, tsono akaona milomo ikutsogola kapena kutsalira asadabwe.

Ukaipa dziwa nyimbo, adatero akale. Fayilo ya CAM ndi yoipa, palibe wotsutsa, koma ikalembedwa CAM ili ndi nyimbo yake, ndiyo kunena zoona. Woitsitsa wasankha yekha, akudziwa chimene akutola, ndipo ine fayilo yotere ndimailemekeza kuposa yooneka bwinoko koma yonama. Imene imandipweteka ndi CAM yovekedwa dzina la DVDRip kapena BluRay ndi munthu wofuna kuti tsamba lake lidzaze alendo. Palinso mayina ngati HDCAM, amene zilembo ziwiri zoyambazo zimakopa diso pamene zitatu zomalizazo ndiye zonena zoona, ndipo wothamanga powerenga amagwa nazo.

Wina angafunse kuti, nanga si fayilo ikhoza kusinthidwa n'kukhala yabwino? Mapulogalamu osinthira makanema alipo ambiri, ndipo onse ali ndi podina polembedwa 1080p kapena 4K. Apa mpamene pagona bodza lofala kwambiri, limene ena amalinena osadziwa n'komwe kuti akunama. Kufinya kanema kuli ngati kukonola chimanga. Madeya akapetedwa n'kupita ku nkhumba, ufa wotsalawo kaya muuthire m'thumba lalikulu chotani, sudzasandukanso mgaiwa. Chithunzi cha DVD ya PAL, mtundu umene timagwiritsa ntchito kuno ndi ku Ulaya, chili ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 choimirira, tonse pamodzi 414,720. Cha 1080p chili ndi 1920 ndi 1080, tonse pamodzi 2,073,600. Kumeneko ndi kasanu ndendende. Tsono munthu akatenga DVD n'kuikulitsa kukhala 1080p, pa timadontho tisanu tilitonse tinayi ndi tongopekedwa ndi kompyuta. MediaInfo idzavomereza kuti mizere ilipodi 1080. Fayilo yakula, bandulo yopita yachuluka, koma tsitsi la munthu amene ali pa chithunzipo likadali la chimbuuzi monga lidalili pa DVD.

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga ukadutsa m'makutu a anthu ambiri umafika utasintha, ndipo kanema nayenso amataya kanthu nthawi iliyonse imene wafinyidwa. N'chifukwa chake odziwa amasiyanitsa BDRip ndi BRRip, mayina osiyana chilembo chimodzi chokha. BDRip idafinyidwa kuchokera pa chimbale chenichenicho. BRRip idafinyidwa kuchokera pa fayilo ina imene idafinyidwa kale. Chimodzimodzi WEB-DL ndi WEBRip: yoyambayo ndi fayilo monga idachokera ku Netflix, Amazon kapena iTunes, yosakhudzidwa, pamene yachiwiriyo idajambulidwa ikuonetsedwa kapena idafinyidwanso. Pa foni yaing'ono kusiyanako mwina simungakuone. Koma fayilo siithera pa foni imodzi. Mawa wina adzaitenga n'kuifinyanso kuti ikwane pa memori khadi, mkuja winanso, ndipo aliyense wa iwo akamalemba gwero loyamba lija m'malo mwa gwero limene iye adalandiradi, kope lachisanu lidzakhala likudzitchulabe loyamba.

Sindikunena kuti fayilo yaing'ono ndi tchimo. Kuyambira 2010 mpaka pamene adatsekedwa mu Okutobala 2015, a YIFY, amene ankayendetsedwa kuchokera ku New Zealand, adatchuka dziko lonse chifukwa cha mafilimu olembedwa 720p ndi 1080p koma aang'ono modabwitsa, nthawi zambiri osapitirira magigabayiti awiri, pamene chimbale cha Blu-ray chimanyamula 25 kapena 50. Akatswiri ankawanyoza kuti pa zochitika za usiku chithunzi chimasweka m'timabokosi ndipo mawu ndi opyapyala. Ankanena zoona. Koma kwa munthu wa intaneti yochedwa ndi yodula, kuchepako ndiko kudali phindu lake, ndipo dzina la YIFY kumapeto kwa fayilo linkamuuza bwino lomwe chimene akulandira. Mlandu umayamba pamene wina afufuta dzina limenelo n'kulembapo lina lolonjeza zimene mulibe.

Palinso ena amene dzina lolakwika limawapweteka mwa njira imene ambiri saiganizira. Ndikunena odalira mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, kaya chifukwa chosamva, kaya chifukwa Chingerezi cha ochita sewero chikuthamanga kwambiri, kaya poti filimuyo ndi ya Chikoreya kapena Chihindi. Filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Poiika pa DVD ya PAL amaithamangitsa pang'ono kuti zikhale 25, kotero filimu ya mphindi 120 imatha pa mphindi 115. Mawu olembedwa amene adakonzedwera Blu-ray mukawaika pa fayilo yochokera pa DVD yoteroyo, amatsalira ndi masekondi awiri ndi theka pa mphindi iliyonse. Pomakwana theka la ola mukuwerenga zimene zidalankhulidwa mphindi yathunthu yapitayo. Wofunafuna mawu olembedwa oyenera amayang'ana dzina la fayilo. Dzinalo likanama, iye amangoyesa awa ndi awa, osadziwa chimene chikulakwika, mpaka kugwa ulesi.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo okhwima kwambiri pa nkhani ya mayina adalembedwa ndi anthu amene iwo eni ali kunja kwa lamulo. Magulu obisika otchedwa The Scene, amene mizu yawo ili m'zaka za m'ma 1980 pamene ankagawana mapulogalamu a kompyuta kudzera pa mawaya a telefoni, ali ndi zikalata zosainidwa ndi magulu ambiri zonena momwe filimu iyenera kufinyidwira ndi momwe dzina lake liyenera kulembedwera. Fayilo ikaphwanya lamulo amaidinda NUKE n'kulemba chifukwa chake poyera: gwero si limene lalembedwa, mawu sakugwirizana ndi milomo, anthu akuoneka otalika kapena ofufuma chifukwa chithunzi chakokedwa. Gulu lina likatulutsa yokonzedwa bwino limalemba PROPER, ndipo liyenera kusonyeza cholakwika cha anzawowo. Gulu lomwelo likadzikonzera lokha limalemba REPACK, kumene ndi kuvomereza pa dzina penipeni kuti yoyamba ija idali ndi vuto. Mu 2012 magulu ogawa mapulogalamu a pa wailesi ya kanema atagwirizana zosiya kufinya ndi Xvid n'kuyamba x264, anthu ambiri adadandaula chifukwa makina awo a DVD ankatsegula Xvid yokha, komabe dzina la fayilo linkawachenjeza asanatsitse.

Sindikuwayesa oyera mtima anthu amenewa. Chimawayendetsa ndi mpikisano wa kutchuka. Koma adazindikira chinthu chimene ife a m'masitolo a malisiti timachiiwala. Kumene kulibe khoti, kulibe lisiti, kulibe kokabweza katundu, chotsala ndi mawu a munthu ndi maso a anzake. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: wina alembe dzina, wina atsegule aone ngati n'zoona, ndipo akapeza bodza anene mokweza.

Makina paokha sangagwire ntchito ya munthu wachiwiriyo. BitTorrent, njira yogawanirana mafayilo imene Bram Cohen adaitulutsa mu 2001, imaduladula fayilo m'tizidutswa, ndipo kalikonse kamakhala ndi nambala yake yotsimikizira. Kachidutswa kakafika kataonongeka kamatayidwa n'kuitanitsanso kena. Ndi luso lalikulu, ndipo limakutsimikizirani kuti mwalandira ndendende chimene woyamba uja adatumiza. Zoti chimenecho chikugwirizana ndi dzina lake kapena ayi, nambalazo sizidziwa.

Choncho anthu adayamba kukhulupirira mayina a anthu anzawo. Pakati pa 2005 ndi 2009 padali wina wodziwika kuti aXXo, amene mafilimu ake ankakhala pafupifupi mamegabayiti 700, okwana bwino pa CD imodzi, ndipo cholembedwa pa dzina ndicho chinkapezeka m'kati. Anthu adafika pomalemba aXXo m'malo mwa mutu wa filimu pofunafuna choonera. Dzina litakula chotero, ochenjera adaliba lomwelo. Padadzaza mafayilo onamizira aXXo, amene ukawatsegula ankakuuza kuti utsitse kaye pulogalamu yapadera kapena upite ku tsamba lina kukatenga mawu achinsinsi, ndipo kumeneko n'kumene kunkadikira mavayirasi. Zoterezi n'zimene zimachititsa masamba ngati The Pirate Bay kuika kachibade kobiriwira kapena kapinki pambali pa mayina a ogawa odalirika. A YIFY atatsekedwa, masamba ena adatola dzina lawo lina la YTS n'kumadzionetsa ngati eni ake.

Eni mafilimu ndi nyimbo nawonso adagwiritsapo ntchito dzina labodza ngati chida. Makampani ngati Overpeer ndi MediaDefender ankalipidwa kuti adzaze malo ogawanirana mafayilo ndi mafayilo opanda kanthu kapena oonongeka, a mayina okopa. Mu 2003 Madonna adafalitsa mafayilo onamizira nyimbo za m'chimbale chake cha American Life, m'kati muli mawu ake ozazira wotsitsa. Mkwiyo wawo ndikuumvetsa. Koma nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Malo omwewo ndi amenenso anthu amagawanirako zinthu zimene ali nazo ufulu wonse, ndipo kukayikira kukalowa sikusankha dzina loti kuliopa.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti dzina loona siliyeretsa kuba. Filimu ya wina ikagawidwa popanda chilolezo chake, iye wadyeredwa masuku pamutu, kaya fayiloyo yalembedwa molondola chotani. Kwathu kuno bungwe la COSOMA lakhala likumenya nkhondo imeneyi kuyambira 1992, lamulo latsopano loteteza eni luso lidabwera mu 2016, ndipo aliyense wodziwa mtengo wa kamera, mafuta a galimoto ndi chakudya cha ochita sewero sangaipeputse nkhondoyo. Chimene ndikuwonjezera n'chakuti dzina labodza limamubera wopanga filimu kachiwiri. Mu 2009, kutatsala mwezi umodzi kuti X-Men Origins: Wolverine ituluke, kope losamalizidwa lidatulukira pa intaneti, zingwe zonyamula ochita sewero zikuonekabe, zina zoyenera kupangidwa pa kompyuta zisanapangidwe. Fayilo yotere ikalembedwa WORKPRINT, woonera amadziwa kuti akuona ntchito ya theka. Mawu amenewo akachotsedwa, amaweruza amisiri pa ntchito imene iwo sadaipereke. Ganiziraninso The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, imene nkhani yake ili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Madzi ndi chimodzi mwa zinthu zovuta kwambiri kufinya, chifukwa kafunde kalikonse kakuyenda pakokha. Kope lofinyidwa katatu likalembedwa HD, nyanja imasanduka timabokosi, ndipo woonera amapukusa mutu n'kunena kuti Amalawi sadziwa kujambula. Wonyozedwa ndi amene adagwira kamera kudikira kuwala koyenera, pamene wolakwa ndi wina amene dzina lake silipezeka paliponse.

M'matauni ndi m'misika ya kwathu, fayilo yochokera pa intaneti imayenda ulendo wautali. Imapita kwa anyamata obena, amene amaikopera pa fulashi ndi pa memori khadi za makasitomala, kenako ku vidiyo sho, kenako foni ndi foni. Mmodzi wokhala ndi bandulo amatsitsira anthu ambirimbiri. Mnyamata wobena akatsitsa magigabayiti awiri n'kupeza kuti ndi CAM, kapena kuti ndi gawo lachiwiri lolembedwa loyamba, wataya mpamba wake, ndipo kasitomala akabwerera nkhope ili yokwinya amazazira iyeyo, osati mlendo wa kutsidya kwa nyanja amene adalemba dzinalo. Pamenepa pamabadwanso mtundu wina wa fayilo, filimu yomasuliridwa m'Chichewa, momwe DJ amalankhula pamwamba pa mawu a ochita sewero, kufotokoza, kuseketsa, ena kuwapatsa mayina a kumudzi. Ku Uganda ntchito imeneyi ndi ya ma VJ, ku Kenya adatchuka nayo ndi DJ Afro. Fayilo yotere iyenera kunena kuti ndi yomasulira, ndiponso kuti wamasulira ndani, kuti wofuna mawu oyambirira asakhumudwe, wofuna DJ wake wa pamtima am'peze, ndipo womasulirayo, amene adakhala maola ambiri pa maikolofoni, asafufutidwe.

Ndiye pali WhatsApp, imene dzina imangolichotseratu. Kanema akafika pa foni ya Android amapatsidwa dzina longa VID-20240312-WA0007.mp4. Deti limene lili pamenepo ndi la tsiku limene wafika pa foniyo, si la tsiku limene adajambulidwa. Zimenezi zimathandizira kuti kanema wa madzi osefukira a dziko lina, wa zaka zisanu zapitazo, azizungulira m'magulu anthu akulira kuti ndi kwawo dzulo. Kanema yemweyo akatumizidwa ngati dokyumenti safinyidwa ndipo amasunga dzina lake, koma ndi angati amene amatero?

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhawa za tsiku limodzi, kuti filimu ikaipa ufufute utsitse ina. Zimenezo zimatheka pokhapokha ngati ina ilipo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 BBC inkafufuta matepi a mapulogalamu ake kuti iwagwiritsenso ntchito, ndipo zigawo zambiri za sewero la Doctor Who zidatayika motero. Zina zidapulumuka chifukwa makope ake adagulitsidwa ku mawailesi a kanema a mayiko ena. Nigeria ndi Zambia adali m'gulu la ogula. Mu 2013 kudalengezedwa kuti munthu wina, Philip Morris, wapeza zigawo 9 zotayika m'chipinda chosungiramo katundu pa siteshoni ina mumzinda wa Jos ku Nigeria. Malinga ndi kufotokoza kwake, chimene chidam'dziwitsa ndi kapepala komata pa zitini za mafilimuwo, pamene wina, pafupifupi zaka 40 m'mbuyomo, adalembapo mutu wa sewerolo. Wolembayo sankadziwa kuti chitini chimene chili m'manja mwake chidzakhala chokhacho chodziwika kuti chatsala. Palibe amene amadziwa zimenezo pa nthawi imene akulemba dzina.

Ifenso tili ndi zosunga zathu. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo amene adajambula pa VHS masewero, makwaya kapena mpira wa zaka zoyambirirazo akusunga chinthu chimene mwina sichilinso kwina. M'makabati muli matepi a maukwati, a zinkhoswe, a maliro a mafumu, a Gule Wamkulu ndi Malipenga, ndipo tepi imachita nkhungu ndi kufooka chaka ndi chaka. Ambiri tsopano akuwasamutsira pa kompyuta, ena akuwaika pa YouTube ndi Facebook, ndipo akuchita bwino. Koma fayilo yotchedwa Untitled kapena Video 2 siidzam'thandiza mdzukulu. Pamenepa tingaphunzire kwa okonda nyimbo za gulu la Grateful Dead, limene linkalola anthu kujambula zoimbaimba zake. Iwo pogawana zojambulazo amalemba tsiku ndi malo, kenako njira yonse imene mawuwo adadutsa: kuchokera pa makina a woimbitsa kapena pa maikolofoni ya pakati pa anthu, kupita pa tepi, kupita pa kompyuta, ndi dzina la amene adasamutsa. Pamene sakudziwa amalemba kuti gwero silikudziwika, ndipo palibe amene amawaseka.

Ntchito imeneyi yafika povuta kwambiri tsopano chifukwa cha mapulogalamu a AI okulitsa makanema. Kukulitsa kwakale kunkangotambasula chimbuuzi, ndipo diso lozolowera linkazindikira. Kwatsopanoku kumapeka. Pamene tepi idasunga nkhope ya timadontho towerengeka, makina amaikapo mano, makwinya ndi nsidze zimene adaziphunzira pa nkhope za anthu ena ambirimbiri, ndipo zilembo za pa chikwangwani chakutali amazisandutsa tizizindikiro tosapezeka m'chinenero chilichonse. Zotulukazo zimasangalatsa kuonera, ndipo sindiletsa munthu kuzipanga. Koma zilembedwe kuti ndi zokulitsidwa ndi AI, ndi pulogalamu yanji, chaka chiti. Fayilo yoyamba ija yochokera pa tepi, ya chimbuuzi chake ndi mizere yake yonjenjemera, isungidwe padera ndi dzina lonena tsiku la chochitikacho, malo, mtundu wa tepi ndi chaka chimene idasamutsidwa. Mapulogalamu a zaka zikubwerazi adzachita bwino kuposa a lero, ndipo adzafuna kuyambira pa fayilo yoyambayo, osati pa zopeka za anzawo.